Kwa mayi amene mwana wawo wasankhidwa kukaphunzira Industrial Engineering

Amayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwana wanu wamkazi wasankhidwa kukaphunzira Industrial Engineering ku MUBAS, koma pakhomo palibe akudziwa kuti akadzamaliza azidzagwira ntchito yanji, ndipo amalume ake akumukakamiza kuti asinthe apite ku Civil chifukwa akuti kuno kwathu mafakitale ndi owerengeka. Poyamba ndikuyamikireni, mwalera bwino, malo amenewo sapezeka wambawamba. Ine ndinaphunzira zomwezi pasukulu yomweyo ikadali Polytechnic, isanaime payokha n'kutchedwa MUBAS mu 2021. Mundipirire, ndilemba motalikirapo, chifukwa funso lomweli anandifunsapo mayi anga ndipo nthawi imeneyo ndinangoti kakasi, osadziwa poyambira.

Tiyambire kuchigayo, poti tonse timakudziwa. Nthawi yokolola mzere wa matumba ndi ndowa umafika mpaka kumsewu, anthu kudandaula kuti analawirira koma dzuwa lafika paliwombo asanagayitse. Mwini chigayo akaona zimenezi amaganiza zogula chigayo chachiwiri. Mukaitana injiniya wa Mechanical, iye ayang'ana mota, malamba, nyundo ndi sefa. Wa Electrical ayang'ana mawaya ndi mphamvu ya magetsi. Wa Industrial akhala pambali ndi wotchi ndi kope lake, n'kumangopenyerera. Pakatha maola awiri akuuzani kuti chigayo chilibe vuto, koma nthawi yambiri chikumalira chopanda kanthu. Woyendetsa chigayo yemweyo ndi amene akuyeza chimanga, kulandira ndalama, kuthamangira pa okala kukafuna chenje, kenako n'kudikira kuti mayi amene wagayitsa atsirize kuwola ufa wake. Mukaika mnyamata woti aziyeza ndi kulandira ndalama anthu akadali pamzere, n'kuwonjezera beseni lachiwiri lolandirira ufa, mzere uja ufupika popanda kugula makina atsopano.

Ntchito ya mwana wanu idzakhala imeneyo, kungoti m'malo akuluakulu. Anzake amakonza ndi kupanga makina, milatho ndi nyumba. Iye azidzayang'ana momwe anthu, makina, katundu, nthawi ndi ndalama zikuyendera pamodzi, n'kupeza pamene pakutsamwa.

Asaganize kuti wapeza kosi yopepuka. Ndi zaka 5, ndipo zaka zoyambirira ndi masamu, physics, kujambula mapulani ndi kugwira zitsulo ku workshop monga mainjiniya ena onse. Chakutsogolo ndiye amalowa mu statistics (masamu osanthula ziwerengero), kukonza ndondomeko ya kapangidwe ka katundu, kayalidwe ka makina m'fakitale, kuyeza ubwino wa katundu, kuwerengera ngati makina ofuna kugulidwa adzabweza ndalama zake, komanso kukonza malo ogwirira ntchito kuti munthu asathyoke msana. Phunziro la statistics aligwire ndi manja awiri, ndi limene ine landidyetsa kwambiri.

Ntchitoyi inayambira ku America. Frederick Taylor ndi amene anayamba kuima ndi wotchi m'mafakitale a zitsulo, kuyeza kuti ntchito iliyonse imatenga nthawi yotani, mpaka anafufuza kuti fosholo imodzi izinyamula katundu wolemera bwanji kuti munthu asatope msanga. Frank Gilbreth, amene anayamba ngati mmisiri womanga, anaona kuti womanga nyumba amawerama ndi kutembenuka kambirimbiri kuti aike njerwa imodzi, ndipo pokweza njerwa ndi matope kufika pamsinkhu wa m'chiuno anachepetsa mayendedwe a thupi kuchoka pa 18 kufika pafupifupi 5. Mu 1913 ku Highland Park, kampani ya Ford inayamba kuyendetsa galimoto pamzere, amisiri ataima malo amodzi, ndipo ntchito yomwe inkatenga maola oposa 12 inatsika kufika pa ola limodzi ndi theka. Pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, a Toyota ku Japan analibe ndalama zounjika katundu ngati anzawo a ku America, choncho Taiichi Ohno anakonza njira yopanga chinthu pokhapokha chikafunika, ndi kusakasaka chilichonse chongotaya nthawi: kudikira, kunyamula katundu uku ndi uku, kupanga zochuluka kuposa zofunika, kubwereza ntchito yolakwika. Njira imeneyi ndi imene lero anthu amaitcha lean. Ndimaikonda mbiri ya Toyota chifukwa inabadwira m'kusowa, ndipo kusowako ife tikukudziwa bwino. Ohno ankajambula bwalo ndi choko pansi m'fakitale, n'kuuza injiniya wachinyamata kuti aime m'menemo azingoyang'ana mpaka aone vuto. Makolo athu ananena kale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma wotchi ija ili ndi mbiri yowawanso. Mu 1911 amisiri a pa Watertown Arsenal ku America ananyanyala ntchito atamuona munthu waima kumbuyo kwawo ndi wotchi, nkhani mpaka inakafika ku nyumba ya malamulo ya dzikolo. Ine ndinaziwerenga zimenezi m'kalasi, koma ndinazimvetsa nditakumana nazo ndekha.

Ntchito yanga yoyamba inali pafakitale ina ku Blantyre yolongedza katundu m'matumba. Mabwana ankafuna kugula makina achiwiri osokera matumba chifukwa pamalo osokerapo ndi pamene matumba ankaunjikana. Anandituma kuti ndikayeze. Ndinavala ovolosi yatsopano, n'kutenga wotchi ndi pepala, n'kukaima pafupi ndi bambo wina wachikulire amene anasoka matumba pamenepo kuyambira ine ndili ku pulayimale. Sindinawafotokozere chimene ndabwerera, ndinangowapatsa moni n'kuyamba kulemba. Fakitale yonse inangoti zii. Tsiku limenelo ndi lotsatira lake anthu ankagwira ntchito atauma thupi, osayankhulana, ndipo manambala amene ndinalemba sankagwirizana n'komwe. Tsiku lachitatu kapitawo anandikokera pambali n'kundiuza kuti anthu akuganiza kuti ndikulemba mayina a oti achotsedwe ntchito. Zinandipweteka mumtima, chifukwa ndinawagoneka anthu aja ndi nkhawa masiku awiri pa chinthu chomwe ndikanatha kufotokoza m'mawu ochepa.

Masana ake ndinasiya wotchi muofesi, ndinapita kumene ankadyera, ndinapepesa n'kufotokoza. Bambo aja anakhala chete kanthawi, akumenya mbamu m'manja, kenako anati, "Mwanangu, makinawa alibe mlandu. Ulusi ndi masingano zimakhala ku sitolo ya kampani, ndipo sitoloyo amatseka 5 koloko. Ulusi ukatha usiku timangokhala mpaka kucha. Ndiye taonanso pamene amaika mapaleti osanjikapo matumba, thumba lililonse ndimalikoka kukafika uko." Anati zimenezi anazinenapo kangapo koma palibe anazilemba. Tinaika kabati yaing'ono ya ulusi ndi masingano pafupi ndi makina, makiyi kwa kapitawo wa shifiti, tinasendeza mapaleti, tinakwezako tebulo kuti asamawerame. Makina achiwiri aja sanagulidwe. Mu lipoti langa ndinalemba kuti nzeruzo zinachokera kwa bambo aja. Mumuuze mwana wanu nkhani imeneyi, chifukwa theka la ntchitoyi ndi masamu, theka linalo ndi kudziwa kuyankhula ndi anthu amene ali ndi zaka ngati za bambo ake.

Tsopano za amalume. Musawatsutse kotheratu, pali pamene akunena zoona. Mafakitale athu ndi ochepa, ndipo mukatsegula nyuzipepala simudzaona kawirikawiri kampani ikulengeza kuti ikufuna "Industrial Engineer". Wa Civil dzina la ntchito yake limaoneka poyera, msewu kapena nyumba zikamangidwa aliyense amadziwa kuti pakufunika ndani. Ife ntchito zathu zimabisala m'mayina ena: production planner, shift supervisor, quality officer, maintenance planner, logistics officer, operations manager, business analyst. Amene amangoyang'ana mutu wa malonda a ntchito amakhala pakhomo nthawi yaitali. Amene amawerenga zimene akufuna kuti munthuyo azikachita, amapeza kuti ndi zomwe anaphunzira.

Tengani shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Nzimbe ikangodulidwa imayamba kutaya shuga wake, choncho pamafunika munthu wowerengera kuti munda uti udulidwe liti, magalimoto angati anyamule, kuti fakitale isasowe nzimbe komanso nzimbe zisagone panja. Nyengo yogaya ikatha chakumapeto kwa chaka, makina onse amaphwasulidwa ndi kukonzedwa m'miyezi yamvula, ndipo ntchito mazanamazana zimenezo zimafuna wozindandalika bwino kuti fakitale idzatsegulidwe pa tsiku lake. Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje n'chimodzimodzi, tsamba silidikira. Onjezani fodya ku Kanengo, simenti ku Kasungu, zakumwa, mafuta ophikira, sopo ndi mapulasitiki ku Makata ndi ku Chirimba.

Njira imene yameza anzanga ambiri ndi ya supply chain, kutanthauza kagulidwe, kasungidwe ndi kayendetsedwe ka katundu. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere. Feteleza, mafuta, mankhwala ndi zipangizo za makina zimadzera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, ulendo wa masabata, ndipo pamwamba pake pali vuto la ndalama zakunja. Ukaitanitsa mochedwa fakitale iima, ukaitanitsa zambiri ndalama zagona m'nyumba yosungira katundu. Kupeza pakatikati pa ziwirizi ndi masamu amene mwana wanu adzaphunzire. Mukumbukira mu January 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo magetsi ankathima maola ambiri tsiku lililonse kwa nthawi yoposa chaka. Nthawi imeneyo ntchito yanga inali kukhala ndi ndandanda ya kuthima kwa magetsi kudzanja lina, maoda a makasitomala kudzanja linali, n'kumasankha kuti makina ati ayende pa jenereta, ati adikire usiku, dizilo atikwanire mpaka liti. Pamene zinthu zili zosowa m'pamene munthu wodziwa kuzigawa bwino amafunika kwambiri, n'chifukwa chake sindivomereza kuti kosi imeneyi ndi ya mayiko olemera okha.

Ndipo si fakitale yokha. Mankhwala ochoka ku Central Medical Stores Trust kuti akafike kuchipatala cha kumudzi asanathe mphamvu, chakudya cha WFP, bungwe la United Nations loona za chakudya, kuti chikafike kwa anthu madzi atasefukira, zonsezi ndi ntchito yomweyi. Ngati munaonapo m'zipatala zina za boma zikwangwani za 5S-KAIZEN, mashelefu olembedwa bwino ndi mizere yopentedwa pansi, imeneyo ndi nzeru ya m'mafakitale a ku Japan imene inabwera mothandizidwa ndi JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza pa chitukuko. Mabanki ndi makampani a mafoni amalemba anthu otere kuti afupikitse mizere ndi kusanthula manambala. Ena amalowa mbali ya miyezo, ku Malawi Bureau of Standards kapena kuthandiza makampani kupeza ziphaso zotsimikizira kuti ntchito yawo ikutsata miyezo, monga ISO 9001. Ena amabwerera kukaphunzitsa, ena amatsegula zawozawo.

Chifukwa choti amaona kampani yonse kuyambira pogula mpaka pogulitsa, anthu a kosi imeneyi sachedwa kukwera kukhala oyang'anira. Tim Cook anatenga digiri ya Industrial Engineering ku Auburn University mu 1982, analowa Apple, kampani yopanga makompyuta ndi mafoni, mu 1998 kukakonza kayendetsedwe ka katundu ndi mafakitale, ndipo mu 2011 anakhala mkulu wa kampani yonse. Koma mwana asayembekezere ofesi yozizira akangomaliza. Poyambira pamakhala pa shifiti ya usiku, m'fumbi ndi m'phokoso, malipiro osasangalatsa kwenikweni. Asakane, chifukwa zaka zimenezo ndi zimene zimadzamuyankhulira patsogolo.

Akamaliza adzalembetse ku Malawi Engineering Institution, bungwe loyang'anira mainjiniya kuno kwathu. Akafuna kupitiriza sukulu kapena kugwira ntchito kunja, ku South Africa ntchitoyi ndi yodziwika bwino: mayunivesite a Pretoria, Stellenbosch ndi Wits amaphunzitsa kosi imeneyi, mainjiniya amalembetsa ku bungwe lawo la ECSA, ndipo kuli mafakitale a magalimoto monga Toyota ku Durban ndi Mercedes-Benz ku East London. Migodi ya mkuwa ku Zambia nayonso imafuna okonza ndondomeko.

Mwina mumtima muli ndi nkhawa ina imene simunailembe, yoti ndi mwana wamkazi. M'fakitale amuna ndi ambiri, ndipo ena adzayamba amuyesa asanamumvere. Koma mmodzi mwa eni ake a ntchitoyi anali mayi, Lillian Gilbreth, mkazi wa Frank uja. Mwamuna wake atamwalira mu 1924 anapitiriza ntchitoyo yekha akulera ana 11, anakhala pulofesa ku Purdue University mu 1935, ndipo mu 1965 anakhala mayi woyamba kusankhidwa kulowa National Academy of Engineering ya ku America.

Pamene akudikira kutsegulira, aphunzire mozama Excel, pulogalamu ya pakompyuta yowerengera manambala, osati kungolemba mayina m'mabokosi, ndipo akafika kusukulu asapeputse atachimenti, nthawi yokaphunzira ntchito pakampani, akapemphe malo amene adzamulole kutsika kumakina. Sabata ino apite kuchigayo chapafupi ndi kwanu ndi kope, apemphe chilolezo kwa mwini wake ndi kwa woyendetsa, afotokoze chimene akufuna, akhale maola awiri akulemba nthawi imene chigayo chikugaya ndi nthawi imene chikulira chopanda kanthu. Ngati n'kotheka amalume ake amuperekeze. Zimene apezezo mudzanditumizire, tidzawerengere limodzi.