Mfuti yatsopano ikamamwaza zipolopolo, musathamangire kupotokola sikopu

Achimwene, mwati mwagula mfuti yosakira yaifupi ya .308 Winchester, ya mpope wa mainchesi 18, mwamangapo sikopu, galasi loyang'aniramo poloza, koma pa mamita 100 zipolopolo zikugwa apa ndi apo ngati mwachita kufesa. Ndiye mukufunsa ngati mwagula chinthu chakufa. Ine ndikukayika. Mwanenanso kuti mumapotokola sikopu mukangowombera kamodzi, ndipo ndikuona kuti vuto layambira pomwepo.

Yambirani kunyumba. Chotsani magazini, sololani bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo mu mpope, muone ndi maso anu kuti mulibe chipolopolo. Kenako pukutani m'kati mwa mpope. Mfuti imachoka ku fakitale itapakidwa mafuta oteteza dzimbiri, ndipo ambiri amangoitulutsa m'bokosi n'kupita nayo kukawombera. Mukatha apo, gwirani masikuluwu onse: olumikiza chitsulo ndi thupi la mfuti, a pansi pa sikopu, ndi a mphete zogwira sikopuyo. A mphetewa nthawi zambiri amafuna ma inch-pound (muyeso wa mphamvu yomangira sikuluwu) 15 mpaka 18, koma tsatirani zimene opanga analemba. Mukamanga mopitirira mumafinya sikopu, mukalekerera imasuntha pang'onopang'ono nthawi iliyonse mfuti ikalira. Zinandichitikira ine. Anandimangira ndi amene anandigulitsa, ndinatha bokosi lathunthu la zipolopolo ndikutukwana mfuti, kenako n'kupeza kuti sikuluwu imodzi ikuzungulira ndi chala chokha.

Muyesenso pamene sikopu yakhala. Tsinzinani, ikani mfuti paphewa monga mumachitira, tsegulani maso. Muyenera kuona bwalo lonse loyera popanda kutalikitsa khosi, diso lili pa masentimita 8 kapena 10 kuchokera pa galasi. Mfuti zaifupizi thako lake limakhala lalifupi, kuchokera kuphewa kufika pa trigger, kachitsulo kokoka ndi chala powombera, pamakhala mainchesi ngati 12.5 pomwe zinazi zimakhala 13.5, ndiye munthu wamtali nkhope imayandikira kwambiri. Sikopu ikakumenyani pachikope tsiku loyamba, manja anu sadzaiwala. Ngati thako likuchepa, onjezerani ma spacer, tizidutswa totalikitsira thako la mfuti.

Kumalo owomberako musayambire pa mamita 100. Ikani pepala pa mamita 25, goneketsani mfuti pa matumba a mchenga, chotsani bolt, suzumirani m'kati mwa mpope mpaka kadontho ka pakati pa pepala kakhale pakati penipeni. Mfuti isagwedezeke, potokolani sikopu mpaka mtanda umene mumaona m'kati mwake ufike pa kadontho komweko. Izi zimangothandiza kuti chipolopolo choyamba chigwe pa pepala. Thumba la mchengalo likhale pansi pa thupi la mfuti, mpope usakhudze chilichonse.

Tsono nali gawo limene anthu amalephera kupirira. Womberani zitatu, mukuloza malo amodzimodzi, osakhudza sikopu ngakhale choyamba chigwe kutali bwanji. Chimene mukufuna kudziwa ndi chakuti zitatuzo zagwa moyandikana kapena ayi. Zikayandikana, pezani pakati pake, yezani mtunda kufika pa kadontho, ndiye mupotokole. Sikopu zambiri zimalembedwa kuti 1/4 MOA, kutanthauza kuti kulira kumodzi kwa kachitsulo kopotokolera sikopu kumasuntha chipolopolo pafupifupi mamilimita 7 pa mamita 100. Zolembedwa 0.1 mil zimasuntha sentimita imodzi. Pa mamita 25 muyenera kupotokola kanayi kuposa pamenepo kuti musunthe mtunda womwewo, ndipo apa m'pamene ambiri amaganiza kuti sikopu yafa.

Mpope wa mfuti zopepukazi umakhala wowonda, sumachedwa kutentha. Mukawombera zitatu dikirani. Ukamawotcha m'manja, zimene mukuona pa pepala zikukunamizani.

Ndinene chilungamo, chimene ndikuchikayikira kwambiri ndi phewa lanu. Mfuti yopepuka imakankha kwambiri kuposa yolemera ngakhale chipolopolo chikhale chomwecho, ndipo mpope waufupi umaphulikira pafupi ndi nkhope, phokoso ndi moto womwe. Thupi limayamba kudzidzimuka chala chisanamalize kukoka, mwini wake osadziwa. Valani zotseka m'makutu, za m'kati ndi zakunja zomwe, chifukwa mfuti yotere imapitirira ma decibel (muyeso wa phokoso) 140 ndipo khutu likawonongeka silichira. Kuti mudzigwire nokha, mnzanu azikuikirani mfuti inu mutayang'ana kumbali, nthawi zina aike chipolopolo chenicheni, nthawi zina chabodza chija chophunzirira. Ikangoti "kete" osalira, mudzaona nokha mphuno ya mfuti ikugwada pansi. Mankhwala ake ndi kukoka trigger mfuti ilibe kanthu, kangapo tsiku lililonse, mtanda osachoka pamene mwaloza.

Za liwiro musade nazo nkhawa. Mpope waufupi umatayadi liwiro pang'ono poyerekeza ndi wa mainchesi 22, koma .308, yomwe yakhalapo kuyambira 1952, imachita bwino m'mipope yaifupi, ndipo pa mitunda imene ambirife timasakira nyama siingadziwe kusiyana kwake. Chofunika ndi kuyesa mitundu iwiri kapena itatu ya zipolopolo, zolemera ma grain 150, 165 ndi 180. Mfuti iliyonse ili ndi chimene imakonda. Mukachipeza, khalani pa chomwecho, chifukwa mukasintha muyenera kuyezanso sikopu.

Mukakhutira pa mamita 100, yesani pa 200, muone kuti chikutsika bwanji. Kawirikawiri chimatsika masentimita opitirira 10. Tsiku lina mubwerenso mpope uli wozizira, muwombere chimodzi chokha mutagwada kapena mutatsamira ndodo, poti kutchire kulibe tebulo ndipo choyambacho ndi chimene chimagwetsa nyama.

Mukapita, mujambule pepala la zitatu zija muike pano, mulembenso mtunda ndi mtundu wa chipolopolo. Zikadzakhala kuti zatambasuka chokwera, tidzayang'ana mpope ndi masikuluwu. Zikamagwa pansi chakumbali, tidzakambirana za phewalo.