Kodi Dzino Loyamba Kuwola Lingachire?

Funso: Mwana wanga wa zaka 9 ali ndi banga loyera ngati choko pa dzino, pafupi ndi nkhama. Lingachire? Mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, mwachita bwino kuliona msanga. Bangalo ndi chiyambi cha kuwola, ndipo dzino lisanabooke lingathe kulimbanso. Azitsuka mano kawiri patsiku, mphindi ziwiri, makamaka pokagona, ndi mankhwala okhala ndi fluoride ochuluka ngati kanjere ka nandolo. Akatha alavule, asachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsalire pamano.

Chepetsani masiwiti ndi zakumwa zotsekemera zapafupipafupi, chifukwa tizilombo ta m'kamwa timasandutsa shuga kukhala asidi wodya dzino. Likabooka silitsekeka lokha. Pitani naye kwa dokotala wa mano akalimate kuwolako kusanafike pamtsempha.