Za laita ya Peugeot 504 ija: fyuzi musaimange ndi waya

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati Peugeot 504 imene anakusiyirani malemu bambo anu mwaidzutsa, injini ikulira bwino, koma laita ya fodya mukaikankha ikungoti zii, yosatentha, yosatuluka, ndipo fyuzi mwasintha kawiri ikupsabe. Ndaonanso kuti wina wakuuzani kuti mungomanga fyuziyo ndi kawaya. Chonde, chonde, zimenezo ayi.

Ine ndimakonza magetsi a galimoto kuno ku Kasungu, ndipo zotsatira zake ndinaziona ndi maso angawa. Pikapu ya malume anga, fyuzi yake anaikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Tili pa msewu wa ku Mtunthama tinangomva fungo la pulasitiki, kenaka utsi tolotolo kuchokera pansi pa dashibodi. Pomwe timazula waya wa batire n'kuti mtolo wonse wa mawaya utasungunuka n'kumatana ngati phula. Galimoto inagona miyezi iwiri. Fyuzi ikamapsa ndiye kuti ikugwira ntchito yake, ikukuuzani kuti penapake pali shoti.

Kuti mupeze vutolo, muyambe mwadziwa mmene kanthuka kamagwirira. Kunsi kwa laita kuli kachitsulo kozengezedwa ngati nkhata, ka nichrome, konga kamene kamafiira mu mbaula yamagetsi. Pansi pa soketi pali timano tiwiri kapena titatu. Mukakankha, timanoti timaigwira laita n'kuipatsa moto. Tinapangidwa ndi zitsulo ziwiri zomatidwa pamodzi zimene zimafutukuka mosiyana zikatentha, ndiye kutentha kukakwana timayasama tokha, sipuling'i n'kuikankhira laita kunja, kuti tha! Zonsezi zimatenga masekondi 10 mpaka 20. Pa nthawi imeneyo imakoka ma amp pafupifupi 10 pa 12V, mphamvu yofanana ndi mababu awiri a nyali zakutsogolo. N'chifukwa chake fyuzi yake imakhala ya 10A kapena 15A. Mukaika yochepera idzapsa ngakhale popanda vuto, choncho onani kaye imene mukugulayo.

Musanapise kanthu kalikonse m'soketi, chotsani waya wa negativi pa batire. Galimoto zambiri zakale soketiyi imakhala ndi moto ngakhale kiyi ali m'thumba. Kenaka unikani ndi tochi. Ine m'menemo ndatulutsamo makobidi a tambala, mapini, nsonga yothyoka ya tchaja, ndi phulusa losakanikirana ndi fumbi lathu lofiirali litauma gwa. Kakobidi kamodzi kokhudza pakati ndi m'mbali n'kokwanira kutha mafyuzi paketi yonse.

Mukatero ikani fyuzi yatsopano laita ili kunja, mubwezere batire. Ikapsa pompo, vuto lili pa soketi kapena waya. Imasuleni soketiyo cha kumbuyo kwa dashibodi. Pa kabawuti pamene pamafikira waya wa moto pali kawashala kotchinga kuti moto usakhudze thupi la soketi, ndipo kakakalamba kamang'aluka. Mulondolenso wayayo ndi zala, makamaka podutsa pa chitsulo chakuthwa, ndipo ngati galimoto inakhalitsa pafupi ndi nkhokwe musaiwale makoswe. Koma ikamapsa pokhapokha mwakankha laita, ndiye kuti nkhata ija inaphwasuka n'kugundana, kapena timano tinapindikira kunja ndipo laita ikalowa tikukhudza khoma la soketi. Mwa zonse ndazitchulazi, chimene ndimakumana nacho kwambiri masiku ano ndi timanoti, chifukwa cha matchaja amene anthu amakankhiramo mwamphamvu.

Zikhoza kuchitikanso kuti shoti mwaithetsa koma laita siikutenthabe. Tengani babu ya 12V ya mawaya awiri, wina pakati pa soketi, wina pa chitsulo choyera cha galimoto. Ikayaka, moto ukufika. Sunthirani waya wachiwiriyo pa khoma la soketi. Ikakana kuyaka, ethi, njira imene moto umabwerera kudzera m'thupi la galimoto, yafa ndi dzimbiri pamene soketi imagwirana ndi dashibodi. Palani pamenepo mpaka pawale. Soketi zina zili ndi kafyuzi kena kumbuyo kamene kamaduka ndi kutentha, ndipo anthu ambiri sakadziwa.

Potsuka, batire ili yochotsa, kulungani sandipepa yosalala pa kamtengo, mupukute timano ndi khoma mofatsa, muuzire. Waya wotsukira mapoto ayi, amasiya tinyenyeswa timene timabweretsa shoti ina. Girizi kapena oyilo musathiremo, m'menemo mumatentha kwambiri. Nkhata ija igogodeni pang'ono pa chikhatho phulusa ligwe, muipukute ndi mswachi wakale, osaikanda ndi mpeni. Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, nkhata yamoyo imawerenga pakati pa 1 ndi 2 ohm.

Apa tsono ndi pofunika dzanja lofewa. Laita ikamatuluka isanafiire, pindirani timano mkati pang'ono zedi, mwina theka la milimita, muyese. Ikamakanirira, tibwezereni kunja pang'ono. Ikapitirira masekondi 30 isanatuluke izuleni nokha, ndipo musaipanikize ndi chala kuti ipse msanga, mumapha nkhata ndi mawaya omwe.

Ngati yafa ndithu, musangotola laita iliyonse pamsika. Soketi za galimoto za ku Ulaya zambiri n'zotambalala pang'ono, cha m'ma 21.4mm, pamene za ku America ndi 21mm, komanso kuya kwake kumasiyana. Kwa ophwasula galimoto mugule laita ndi soketi yake limodzi.

Ndikudziwa kuti mwina mukufunanso potchajira foni. Maganizo anga ndi akuti laita ya bambo muisiye mmene anaisiyira, igwire ntchito yake yokha. Mangani soketi ina pansi pa dashibodi, posaonekera, ya waya wakewake ndi fyuzi yake ya 10A. Soketi zatsopanozi zambiri zilibe timano tija ndipo mkati muli pulasitiki, choncho laita musaikemo. Ndipo anzathu a Land Rover zakale za m'mbuyo mwa 1967 muonetsetse kaye, zambiri waya wa pozitivi ndi umene unamangidwa ku thupi la galimoto. Laita ilibe nazo ntchito, imafiira basi, koma tchaja ikhoza kupsa nthawi yomweyo.

Yesani zimenezi, achimwene, kenaka mundiuze ngati fyuzi ikupsa laita ili kunja kapena mukaikankha. Mujambulenso kumbuyo kwa soketi, pa kabawuti paja, muike pano ndione.