Zaka zikupita koma udindo sukusintha: ndiyambire pati?

FUNSO: Alangizi, ndine bambo wa zaka 36, ndimakhala ku Ndirande ndipo ndimagwira ntchito yosunga katundu pa kampani ina ku Makata. Ndinalowa ntchitoyi nditangolemba mayeso a MSCE, koma mpaka lero ndidakali pa udindo womwewo, pamene achinyamata amene ndinawaphunzitsa ndekha ntchito akukwezedwa chifukwa ali ndi madipuloma. Kale ndinkalawirira ndi mtima wonse, koma masiku ano ndimangopita poti ana adye. Kodi khama likatha lingabwererenso? Ndine wotaya mtima, ku Ndirande.

YANKHO: Bambo, musafulumire kudziweruza kuti mwasanduka waulesi. Munthu amene watumikira mokhulupirika kwa zaka zambiri osaona kusintha amafooka ndithu, makamaka nyengo ino pamene malipiro sakugulanso zimene ankagula kale, poti ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mbali ina ya kutopa kwanuko yachokera m'thumba.

Komabe musadikire tsiku limene mudzadzuke muli ndi chidwi chatsopano, chifukwa tsiku lotero silibwera lokha. Khama limabwerera munthu akayamba kuona kuti zimene akuchita lero zikumufikitsa penapake, ndipo vuto lanu lalikulu, monga ndikuonera ine, n'lakuti simukudziwa bwinobwino chimene chatsekereza njira yanu. Mwanena za dipuloma, koma kodi alipo amene anakuuzani zimenezi, kapena mukungoganizira? Pemphani nthawi yokambirana ndi abwana anu. Musakayambe ndi kudandaula za anzanu amene akwezedwa, pakuti madandaulo otere amatseka makutu a womvera, koma mukafunse mwaulemu kuti udindo wa woyang'anira nyumba yosungiramo katundu umafuna zotani, ndiponso kuti inuyo mukuperewera pati. Ambiri a ife tinaleredwa ndi maganizo akuti ukamagwira ntchito mwakachetechete abwana adzakuona okha, pamene akuluakulu anatichenjeza kale kuti safunsa anadya phula.

Akakuuzani kuti chikusowa ndi pepala, thokozani kuti muli mu Blantyre, mmene sukulu zili pafupi. MUBAS, imene kale inkatchedwa Polytechnic, ndi Malawi College of Accountancy zimalandira anthu amene ali kale pantchito, ndipo ku Soche Technical College kulinso maphunziro a luso. Dziwaninso kuti olemba anthu ntchito amapereka ndalama yofanana ndi 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku thumba la bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuti lipititse patsogolo maphunziro a luso, kotero si mwano kufunsa ngati kampani yanu ingakuthandizeni kuphunzira. Ikakana, khalani pansi ndi mayi akunyumba mugwirizane za fizi musanalembetse, ngakhale kudzera m'chipereganyu, chifukwa sukulu yoyamba mobisa imathera panjira mwezi ukavuta.

Pali china chimene sichilira ndalama, koma chimafuna kudzichepetsa. Kaundula wa katundu masiku ano amasungidwa pa kompyuta, ndipo achinyamata aja mwina amakuposani pamenepo. Inu munawaphunzitsa kulandira ndi kuwerengera katundu, ndiye palibe chamanyazi kupempha mmodzi wa iwo kuti akuonetseni Excel, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera ndi kuwerengera manambala, pa nthawi ya nkhomaliro. Tsiku limene mudzapereke lipoti la mwezi lolembedwa ndi manja anu pa kompyuta, mudzamva kuti mtima wayamba kubwerera m'malo.

Zikadzachitika kuti pepala mwalipeza koma khomo lidakali lotseka, mudzayambe kufunsira ntchito ku makampani ena a ku Limbe, Chirimba ndi Ginnery Corner, kumene zaka zanu zosunga katundu popanda mbiri yosowetsa zinthu zidzawerengedwa. Koma musasiye ntchito muli nayoyi musanalandire kalata ya ntchito ina.