Funsani Anamwino: Ndikaonda, anzanga adzati ndikudwala

FUNSO: Anamwino, ndine mayi wa zaka 52, ndimakhala ku Ndirande ndipo ndimagulitsa mandasi. Kuchipatala anandiuza kuti ndichepetse thupi chifukwa kunenepa kumabweretsa khansa. Kodi ndi zoona? Komanso ndikayamba kuonda, anzanga a ku banki m'khonde adzati ndili ndi matenda aja. Ndalama yogulira zakudya za anthu olemera ndilibe. Mayi wodandaula.

YANKHO: Mayi, anakuuzani zoona, ngakhale sikuti wonenepa aliyense adzadwala khansa. Mu 2016 bungwe la IARC, nthambi yofufuza za khansa ya WHO (bungwe loona za umoyo padziko lonse), linatsimikiza kuti mafuta ochuluka m'thupi amawonjezera chiopsezo cha mitundu 13 ya khansa, monga ya m'matumbo, ya chiwindi, ya impso, ya mkati mwa chiberekero ndi ya m'mawere kwa amayi osiya kusamba. Pa msinkhu wanuwu mafuta a m'thupi ndi amene amapanga homoni ya estrogen, ndipo ikachuluka imafulumizitsa kukula kwa minofu ya m'bere ndi m'chiberekero. Khansa ya khomo la chiberekero ndi ina, imayamba ndi kachilombo ka HPV, choncho pitani mukayezedwe kaya mwanenepa kaya ayi.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landikhudza. Ndaona amayi ambiri akusiya ulendo wochepetsa thupi pakati chifukwa cha miseche ya pachitsime. Nokha simungagonjetse pakamwa pa anthu. Ndiye nkhaniyi muitengere ku banki m'khonde komweko. Mukamaliza kuponya masheya, tulutsani tepi ya telala, aliyense ayeze mnzake chiuno pamwamba pa mchombo pang'ono. Mayi akadutsa masentimita 88, mafuta a pamimba afika poopsa. Mudzaona kuti simuli nokha, ndipo amayi khumi akaonda limodzi modziwa chifukwa chake, miseche imasowa poyambira.

Itanani mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu, a HSA aja, adzakhale nanu pamsonkhano umodzi, abweretse sikelo ndipo akulozereni koyezetsa shuga ndi BP. Pemphani abusa kapena ahedi a sukulu kuti bwalo lizitsegulidwa madzulo muzisewera netiboli kapena kungoyenda mwamdidi. WHO imati tizilimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, ndiye kuti theka la ola kwa masiku asanu.

Za zakudya musadere nkhawa. Mgaiwa, nyemba, usipa, bonongwe ndi nkhwani ndi zakudya zabwino kuposa chipisi cha pachiwaya. Sonkhani ndalama mugule thumba la nyemba nthawi yokolola, mugawane. Amene alibe malo adzale mpiru m'matumba akale kuseri kwa nyumba. Chovuta kwenikweni ndi tiyi. WHO imalangiza kuti ndi bwino shuga asapitirire masupuni ang'onoang'ono 6 pa tsiku, koma ambirife timathira atatu m'kapu imodzi, kenako botolo la zoziziritsa kukhosi masana.

Mandasi pitirizani kugulitsa, ana adye ndi kupita kusukulu. Inu m'mawa muzidya mbatata yophika musanapite kumsika, kuti njala isakupezeni muli pafupi ndi beseni. Ngati pali wina pagulu amene akumwa ma ARV ndipo thupi likukwera, asasiye mankhwala, akauze adokotala.