Kodi anthu a ku Ukraine anakhaladi chete pa nthawi ya chikomyunizimu?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa aphunzitsi ena a mbiri yakale pa sukulu ya sekondale. Iwo anafunsa kuti ngati ulamuliro wa chikomyunizimu unali wowawa kwa anthu a ku Ukraine, n'chifukwa chiyani anthuwo anakhala chete zaka pafupifupi 70, ndiponso ngati mtima wokonda mtundu wawo sunangobadwa dziko la Soviet Union, limene Ukraine inali mbali yake, litagwa mu 1991. Anamaliza ndi kupempha kuti ndiwauze chimene angaphunzitse ana m'kalasi. Aphunzitsi, kalata yanu ndinaiwerenga katatu, ndipo mawu akuti "anakhala chete" anandisowetsa tulo.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'tauni ina ya kumpoto kwa England, ndipo kwa miyezi yambiri ndakhala pa shifiti ya usiku ndi mayi ena a ku Ukraine amene anathawa nkhondo mu 2022. Mayiwa anabadwira m'mudzi wa m'chigawo cha Poltava, ndipo Soviet Union inatha iwo ali kale ndi mwana kumbuyo. Usiku wina ndikukonza m'khitchini ndinatenga buledi wouma amene anatsala patebulo kuti ndikataye, koma iwo anandigwira mkono mwamphamvu, nalanda bulediyo n'kumukulunga m'pepala. Pambuyo pake anachita manyazi n'kupepesa, ndipo tikumwa tiyi anandifotokozera kuti khalidweli analitengera kwa agogo awo aakazi, amene akatha kudya ankasesera nyenyeswa m'chikhatho n'kuziponya m'kamwa. Agogowo anaika m'manda ana awiri mu 1933, komabe mdzukulu wawoyu anakula mpaka kufika pa koleji asanamvepo munthu akutchula njala ya chaka chimenecho, kaya kunyumba kaya kusukulu. Akuluakulu akamacheza ankangoti "chaka cha 33", kenaka onse n'kungoti zii.

Usiku womwewo anandiuzanso kuti atapita kukaphunzira ku Kharkiv, chiyankhulo cha kwawo anachisiya mwezi usanathe. Palibe amene anawamenya kapena kuwaopseza. Kungoti maphunziro anali m'Chirasha, mafomu a ntchito anali m'Chirasha, ndipo munthu akayankhula Chiyukireni m'sitolo, ogulitsa ankamuyang'ana ngati wakumudzi amene wasochera m'tauni. Iwo akufotokoza zimenezi, ine ndinkaona agogo anga ku Phalombe, amene Chilomwe ankachiyankhula ndi anzawo amsinkhu wawo okha, ife tikayandikira n'kusintha msanga. Amayi anga ankachimva koma sankayankha m'chiyankhulocho chifukwa paubwana wawo anasekedwa nacho, ndipo ine lero ndimangodziwa moni ndi mayina a zakudya ziwiri zitatu. Nkhani ziwirizi sizofanana kukula kwake, pakuti m'banja mwathu palibe amene anamangidwa chifukwa cha Chilomwe. Koma ndikudziwa mmene zimawawira kumva munthu wakunja akunena kuti poti agogo ako anasiya okha kuyankhula, ndiye kuti sankachifuna chiyankhulo chawo. Agogo anga atadwala matenda amene anawatenga, masiku awo omaliza ankayankhula Chilomwe chokhachokha, ndipo ife adzukulu tinakhala pamphepete pa mphasa osamva chimene ankatitsanzika nacho. Chinthu chimenechi chimandiwawa mpaka lero.

Tsono ndinene mosapita m'mbali kuti mawu akuti anakhala chete ndi olakwika, ndipo amalakwira anthu amene anafa akukana. M'zaka za m'ma 1920 boma la Soviet linkalimbikitsa lokha Chiyukireni m'sukulu, m'manyuzipepala ndi m'maofesi, chifukwa linkafuna kuti alimi alikonde. Zinthu zinatembenuka pamene Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, analamula mu 1929 kuti alimi apereke minda, ng'ombe ndi akavalo awo ku mafamu a gulu otchedwa kolkhoz. M'chaka cha 1930 chokha apolisi achinsinsi analemba zipolowe zoposa 4,000 m'midzi ya ku Ukraine, ndipo zambiri ankazitsogolera ndi amayi, amene ankapita m'makola a kolkhoz kukamasula ziweto zawo n'kukatenganso mbewu m'nkhokwe. Kukanako kunali kwakukulu moti mu Malichi chaka chomwecho Stalin anabwerera m'mbuyo kwa kanthawi, n'kukankhira mlandu pa akuluakulu a m'maboma.

Chotsatira chake chinali njala ya 1932 ndi 1933, imene eniake amaitcha Holodomor. Boma linaika mlingo wa tirigu wosatheka kukwanitsa, ndipo midzi yolephera inkalembedwa pa mndandanda wakuda, kutanthauza kuti katundu wa m'sitolo, ngakhale mchere ndi machesi, ankaleka kufikako. Lamulo la pa 7 Ogasiti 1932 linkapereka chilango cha imfa kapena zaka 10 m'ndende kwa wakuba katundu wa kolkhoz, ndipo anthu ankamangidwa chifukwa chokunkha ngala zochepa za tirigu m'munda wokolola kale. Pa 22 Januwale 1933 Stalin ndi nduna yake yaikulu Molotov analamula kuti alimi a ku Ukraine ndi a ku Kuban, dera la kummwera kwa Russia, asatuluke m'madera awo kukafuna chakudya. Akatswiri owerengera anthu amati omwalira anali pafupifupi 3.9 miliyoni. Njala inapha anthu ambiri ku Kazakhstan ndi m'madera ena a Russia pa nthawi yomweyo, koma ku Ukraine inayendera limodzi ndi kuthyola khosi la chikhalidwe. Mykola Skrypnyk, mkomyunizimu weniweni amene ankatsogolera maphunziro a Chiyukireni, anadziwombera mu Julayi 1933. Chaka chomwecho boma linachotsa chilembo ґ mu afabeti, ndipo chinabwereranso mu 1990. Mu Novembala 1937 alembi ndi akatswiri a zisudzo monga Les Kurbas, Mykola Kulish ndi Mykola Zerov anawomberedwa m'nkhalango ya Sandarmokh kumpoto kwa Russia. Munthu amene waona zonsezi akatseka pakamwa, amakhala akuteteza ana amene amutsalira, ndipo ine sindingalole kuti kutseka pakamwako kutchedwe kukhutira.

Kumadzulo kwa dzikolo, kumene kuli mzinda wa Lviv, ulamuliro wa Soviet unafika mu 1939, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha zigawenga za gulu la UPA, lomenyera ufulu wa Ukraine, zinapitiriza kumenyana ndi boma m'nkhalango mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Mtsogoleri wawo, Roman Shukhevych, anaphedwa mu Malichi 1950. Ana a m'kalasi mwanu musawabisire kuti gulu lomwelo linapha anthu wamba a Chipolishi masauzande ambiri m'chigawo cha Volhynia mu 1943, chifukwa kukonda mtundu wako kumatha kusanduka nkhanza, ndipo mlandu suwola kwa aliyense. Mu 1946 boma linathetsa mpingo wa Greek Catholic, koma ansembe anapitiriza kubatiza ndi kudalitsa maukwati mobisa m'nyumba za anthu mpaka 1989.

Mnzanga wa ku Poltava angandidzudzule ndikapanda kunena mbali inayo, chifukwa iwo ubwana wawo amaukumbuka ndi chikondi. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 mabanja ambiri anachoka m'nyumba zogawana khitchini ndi mabanja ena n'kulandira timafulati tawotawo, sukulu ndi chipatala zinali zaulere, ndipo ntchito sinkasowa. Anthu ankanyadira ndege za Antonov zopangidwa ku Kyiv ndi fakitale ya maroketi ya ku Dnipropetrovsk. Anthu a ku Ukraine ambiri anali m'chipani, ena ndi maudindo aakulu ku Moscow, ndipo Leonid Brezhnev mwiniwake, mtsogoleri wa Soviet Union pa nthawiyo, anabadwira ku Kamianske ku Ukraine komweko. Ngakhale amene ankafufuza tirigu m'nyumba za anthu mu 1933, ambiri anali ana a m'midzi yomweyo. Komabe moyo womwewo unali wa pamzere. Mayiwa amati amayi awo sankatuluka m'nyumba opanda kathumba ka ukonde kotchedwa avoska, ndipo akaona mzere ankayamba aima kaye, kenaka n'kufunsa chimene chikugulitsidwa. Nyama yabwino, nsapato kapena mankhwala osowa zinkapezeka kudzera mwa wodziwana naye. Alimi a pa kolkhoz sankapatsidwa chiphaso choyendera m'dziko lawo lomwe mpaka lamulo linasintha mu 1974, ndipo chimene chinkadyetsa banja kwenikweni chinali kadimba ka kuseri kwa nyumba, ka mbatatesi, kabichi ndi nkhumba imodzi.

Ndinenepo za mpira, chifukwa amuna awo a mayiwa akuti sankakamba ndale ngakhale pang'ono, koma Dynamo Kyiv ikamasewera ndi Spartak Moscow ankasanduka munthu wina. Timuyi, pansi pa mphunzitsi Valeriy Lobanovskyi, inatenga chikho cha ku Ulaya chotchedwa Cup Winners' Cup mu 1975 ndi mu 1986, ndipo Oleh Blokhin anasankhidwa kukhala wosewera wopambana ku Ulaya mu 1975. Bwalo la mpira linali malo amene munthu akanatha kukuwa kuti Moscow igonje, n'kubwerera kunyumba osamangidwa. Ndimakhulupirira kuti pakati pa anthu okuwawo panali ambiri amene chakukhosi chawo chinalibe kwina kotulukira.

Amene anayankhula poyera

Lamulo la maphunziro la kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 linapatsa makolo ufulu wosankha chiyankhulo cha sukulu, ndipo popeza mayeso a ku yunivesite ndi ntchito zabwino zinkafuna Chirasha, makolo a m'matauni ankasankha Chirasha. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pafupifupi theka la ana a ku Ukraine ankaphunzira m'sukulu za Chirasha. Zimenezi n'zimene achinyamata ophunzira a m'ma 1960 ankatsutsa. Pa 4 Seputembala 1965, m'nyumba yoonetsera kanema yotchedwa Ukraina ku Kyiv, Ivan Dziuba, Viacheslav Chornovil ndi mlakatuli Vasyl Stus anadzudzula poyera kumangidwa kwa anzawo, ndipo anapempha kuti wotsutsana ndi nkhanzazo aimirire. Amene anaimirira anali ochepa. Stus, amene anakulira ku Donetsk, anachotsedwa pa maphunziro ake, anamangidwa mu 1972, anamangidwanso mu 1980, ndipo anafera m'ndende ya Perm-36 mu Seputembala 1985. Pa 22 Meyi chaka chilichonse anthu ankapita ndi maluwa pa chiboliboli cha Taras Shevchenko, mlakatuli wamkulu wa mtundu wawo, ku Kyiv akudziwa kuti apolisi achinsinsi a KGB akulemba mayina. Vasyl Makukh anadziotcha pa msewu waukulu wa ku Kyiv wotchedwa Khreshchatyk mu Novembala 1968, ndipo Oleksa Hirnyk anachita chimodzimodzi pafupi ndi manda a Shevchenko ku Kaniv mu Januwale 1978, potsutsa kuponderezedwa kwa chiyankhulo chawo. Manyuzipepala sanalembe kalikonse, choncho mnzanga uja anamva mayinawa ali wamkulu kale.

Chornobyl ndi sopo

Anthu wamba anatopa poyera pamene malo opangira magetsi a nyukiliya ku Chornobyl anaphulika pa 26 Epulo 1986, koma akuluakulu n'kulola ana kuguba m'misewu ya Kyiv pa 1 Meyi ngati palibe chachitika. Mu Disembala 1987 mkulu wa chipani ku Ukraine, Volodymyr Shcherbytsky, anavomera poyera kuti njala ija inachitikadi. Mu Julayi 1989 ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku Donbas, ambiri a iwo oyankhula Chirasha, ananyanyala ntchito, ndipo chimodzi mwa zimene ankadandaula chinali kusowa kwa sopo wosambira akatuluka mu mgodi. Gulu la Rukh, lofuna kusintha kwa ndale ku Ukraine, linakhazikitsidwa mu Seputembala chaka chomwecho. Pa 21 Januwale 1990 anthu anagwirana manja kuchokera ku Lviv mpaka ku Kyiv, ndipo mu Okutobala ophunzira anadzimana chakudya pabwalo lalikulu la Kyiv mpaka nduna yaikulu Vitaliy Masol inatula pansi udindo. Pa riferendamu ya pa 1 Disembala 1991, anthu oposa 90 pa 100 alionse anavotera ufulu wodzilamulira, kuphatikizapo oposa 80 pa 100 m'chigawo cha Donetsk ndi 54 pa 100 ku Crimea. Zifukwa zawo zinali zosiyana, ena chiyankhulo, ena mpingo, ena sopo ndi malipiro, koma voti yotere singamere m'miyezi yochepa ngati inalibe mizu.

Za m'kalasi, aphunzitsi, lembani pa bolodi zaka za 1930, 1933, 1965, 1986 ndi 1991, ndipo pa chaka chilichonse ana anene chimene boma linachita ndi chimene anthu wamba anachita. Muwauze kuti kumadzulo ndi kum'mawa kwa dzikolo kunali kosiyana, ndiponso kuti munthu mmodzi yemweyo akanatha kunyadira ndege za Antonov uku akusunga nyenyeswa za buledi. Kenaka muwatume akafunse agogo awo chinthu chimodzi chimene makolo a agogowo sankachitchula pamaso pa ana, adzabwere nacho Lolemba.