Mafunso Anu: Galimoto ya pulopela, ndiyambire pati?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakonda zokhomakhoma ndipo ndili ndi injini ya njinga yamoto yomwe yangokhala mu galaja. Tsiku lina ndinaona chithunzi cha galimoto yakalekale ili ndi pulopela kutsogolo ngati ndege, kuyambira pamenepo tulo sindikuona. Ndikufuna ndipange yanga pang'onopang'ono ndikamapeza mpata, pulopelayo ndisema ndekha pa thabwa. Zingatheke izi kapena ndikungolota?

YANKHO: Simukulota achimwene, zinthuzi zinayendadi pamsewu. Yotchuka kwambiri ndi Helica ya Marcel Leyat wa ku France, munthu yemwe anayamba ndi kupanga ndege kenako nkuona kuti giyabokosi, kilatchi ndi difu ndi katundu wongolemetsa galimoto, bwanji pulopela ingokoka basi. Anaionetsa pa chionetsero cha magalimoto ku Paris mu 1921 ndipo zonse anapanga pafupifupi 30. Bodi yake inali ya pulayiwudi, imakhota ndi matayala akumbuyo, ndipo mu 1927 ina inathamanga makilomita 170 pa ola pa bwalo la mpikisano wa magalimoto la Montlhéry ku France. Ina ikusungidwa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Musée des Arts et Métiers ku Paris, pomwe ku Lane Motor Museum ku Nashville ku America kuli galimoto ina ya pulopela yotchedwa Helicron ya 1932 yomwe anaipeza itaiwalidwa m'nkhokwe ku France nkuikonzanso mpaka kuyamba kuyenda.

Koma apa pa zosema nokha pulopela ndiye ndikukanizani ndithu, chonde musayese. Pulopela yamatabwa nthawi zambiri sasema pa thabwa limodzi ayi, amamata timatabwa tingapo topyapyala ndi guluu wolimba kenako nkusema, nkuiyeza kuti mbali zonse zilemere chimodzimodzi, ikangopendekera pang'ono injini yonse imanjenjemera mpaka mabawuti kumasuka, ndipo ikathyoka ikuzungulira chidutswacho chimauluka ngati chipolopolo. Gulani yopangidwa kale kwa opanga za tindege ting'onoting'ono, muwauze mphamvu ya injini yanu akusankhireni saizi. Tawerengani nokha: pulopela ya mamita 1.4 ikamazungulira ka 3000 pa mphindi nsonga zake zikuyenda mamita pafupifupi 220 pa sekondi, ya mamita 2 ikufika pa 314, pomwe liwiro la phokoso ndi cha m'ma 340. Mukayandikira pamenepo mumangopeza chiphokoso chogonthetsa m'khutu koma kukoka kwachepa.

Ndiye injini ya njinga yamoto imazungulira mothamanga kwambiri, musamangirire pulopela pa kirankishafuti mwachindunji. Ikani shafuti yake payokha yokhala ndi beyaring'i yotha kupirira kukokedwa, muilumikize ndi lamba ndi mapule ochepetsa liwiro. Injininso kirankishafuti yake sanaipangire kukokedwa kutsogolo choncho.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi chasisi yopepuka, chiwongolero ndi mabuleki, za injini zibwere pambuyo pake. Chifukwa galimoto imeneyi matayala ake salumikizana ndi injini, mukachotsa phazi pa moto imangopitirirabe, palibe zoti giya ikuthandizani kuchepetsa liwiro potsetsereka, zonse zili pa mabuleki. Livesi kulibenso, mumatsika nkukankha. Ponyamuka imachita ulesi, pachitunda imavutika, nchifukwa chake kilo iliyonse yomwe mwaonjezera mudzaimva. Zokhota ndi matayala akumbuyo zija musatengere, liwiro likakwera kumbuyo kumavina, khotetsani akutsogolo.

Chotchingira pulopela musachione ngati chokongoletsa. Leyat yemwe ankaizunguliza ndi mkombero, inu onjezerani waya wolimba kutsogolo ndi kumbuyo kuti dzanja la mwana lisalowe, komanso switchi yozimitsira injini ikhale pomwe dzanja lanu lifika msanga. Tsiku loyamba kuiliza muimangirire ndi chingwe cholimba ku chinthu chosasuntha, musese timiyala tonse pansi, ndipo pasapezeke munthu woima m'mbali molunjika ndi pulopela. Zoyenda nayo pamsewu wa aliyense yambani mwafunsa aboma oona za magalimoto, kuyesa kwanu konse kukhale pabwalo lotsekedwa mutavala chipewa cha njinga yamoto ndi zotseka m'makutu.

Mukamaliza chasisi titumizireni chithunzi, tikufuna tiione.